Tifunseni za Makompyuta: Kodi Bungwe Lathu Ligule Maseva a Blade?

FUNSO: Ine ndimayang'anira makompyuta pa bungwe lina la alimi a mtedza ndi soya kuno ku Chipata. Tili ndi maseva atatu (makompyuta amphamvu amene makompyuta ena amadalira) osungira mayina a alimi, ngongole za feteleza ndi malipiro awo, ndipo onse atatu akalamba. Wamalonda wina wochokera ku Lusaka watilangiza kuti tigule maseva a blade, ati ndiwo amagwiritsidwa ntchito m'ma data centre akuluakulu (nyumba zosungiramo maseva ambirimbiri) ndipo sadya magetsi ambiri. Akuluakulu a bungwe akufuna kumva maganizo anga mwezi uno usanathe. Kodi ubwino wa maseva amenewa uli pati, ndipo ife tingapindule nawo? Wowerenga wa ku Kapata, Chipata.

YANKHO: Zikomo bambo chifukwa cha funso lanu. Wamalondayo sananame, koma wakuuzani mbali yokhayo imene ikumukomera iye.

Seva wamba ili ngati nyumba yoima pa puloti yakeyake: ili ndi chipangizo chake cholandirira magetsi, mafani ake oziziritsa ndi mawaya ake a netiweki. Seva ya blade ndi yopyapyala, ndipo mkati mwake mwangotsala zofunika kwambiri, monga purosesa (ubongo wa kompyuta) ndi memory (mosungira zimene ikugwirapo ntchito). Imalowetsedwa m'bokosi lalikulu lachitsulo lotchedwa chassis, monga momwe timalowetsera buku pa shelefu, ndipo magetsi, mphepo yoziziritsa ndi njira ya netiweki zimachokera ku bokosilo. Tingaiyerekeze ndi nyumba za lendi za mumpanda umodzi, zimene zimatunga pa mpope umodzi ndi kudalira mita imodzi. Ubwino wonse wa maseva a blade umachokera pa kugawanaku, ndipo zovuta zake zimachokeranso pomwepo.

Phindu loyamba ndi la malo. Maseva amaikidwa m'makabati achitsulo amene kutalika kwake amakuyesa ndi muyeso wotchedwa U, womwe ndi masentimita 4.4 kapena kupitirira pang'ono, ndipo kabati yodziwika kwambiri imakhala ya 42U. Mukaikamo maseva wamba a 1U, ochuluka amene angalowe ndi 42. Koma bokosi la HP BladeSystem c7000, limene linatuluka mu 2006, limatenga 10U n'kunyamula maseva 16, kutanthauza kuti mabokosi anayi amalowetsa maseva 64 m'kabati yomweyo. Kwa kampani imene ikulipira lendi ya chipinda chilichonse m'mizinda yodula ngati Johannesburg kapena London, kusiyana kumeneku ndi ndalama zenizeni.

Phindu lachiwiri, limene ine ndimaliona kuti ndilo lalikulu, limaoneka mukaima kumbuyo kwa kabati. Maseva wamba 16, iliyonse yokhala ndi mawaya awiri a magetsi, amafuna mawaya 32, osawerengera a netiweki, ndipo amalendewera mopiringizana ngati mizu ya kachere, moti katswiri akafuna kuzula waya umodzi amayamba wautsatira ndi chala kuopa kuzimitsa seva yolakwika. Bokosi la c7000 limadyetsa maseva onse 16 ndi zipangizo za magetsi zosapitirira zisanu ndi chimodzi ndiponso mafani osapitirira khumi. Seva imodzi ikafa, katswiri amangoigwira pa chogwirira chake n'kuisolola, n'kulowetsa ina, zinzake zikugwirabe ntchito. Mafani ochepa ogawana amawononga magetsi ocheperapo poyerekeza ndi timafani tambirimbiri ta seva iliyonse, ndipo munthu mmodzi angathe kuyang'anira bokosi lonse ali pa kompyuta yake kutali. N'chifukwa chake kuyambira pamene IBM inatulutsa BladeCenter mu 2002, makampani ngati Dell ndi Cisco nawonso analowa m'malonda amenewa.

Tsopano tibwere kwa inu. Zonse ndatchulazi zimapindulitsa bokosi likadzaza. Inu muli ndi maseva atatu, ndiye mudzalipira bokosi lonse, mafani ake ndi zipangizo zake za netiweki, koma malo ambiri adzangokhala opanda kanthu. Kuli ngati kuchita hayala lole yaikulu kuti ikanyamule matumba atatu a mtedza ku Katete. Dziwaninso kuti blade ya kampani ina siilowa m'bokosi la kampani ina, choncho mukagula bokosilo mwadzimangirira kwa wopanga mmodzi kwa zaka zambiri, ndipo chipangizo chikawonongeka mudzadikira kuti chichokere ku Lusaka, mtunda wopitirira makilomita 500 pa msewu wa Great East, kapenanso kunja kwa dziko.

Nkhani ya kutentha ndiyo amalonda sakonda kuitchula. Maseva ambiri othithikana pamalo ochepa amatulutsa kutentha kwakukulu, ndipo amafuna chipinda choziziritsidwa usana ndi usiku. Ganizirani za mwezi wa Okutobala kuno kwathu, kenaka mukumbukire chilala cha 2024, pamene madzi anatsika m'damu la Kariba ndipo malaiti ankazima maola ambiri pa tsiku. Jenereta yanu iyenera kukoka bokosilo pamodzi ndi makina oziziritsira chipinda, apo ayi maseva adzadzizimitsa okha chifukwa cha kutentha. Ndipo bokosi lenilenilo likavuta, maseva onse a m'katimo amaima nthawi imodzi.

Ndikanakhala ine, ndikanauza akuluakulu a bungwe kuti tigule maseva wamba awiri amphamvu, chifukwa masiku ano pali mapulogalamu amene amagawa seva imodzi kuti igwire ntchito ngati maseva angapo, ndipo ndalama zotsalazo tigulire mabatire abwino ndi makina oziziritsira. Njira ina ndiyo kuchita lendi malo m'data centre ya ku Lusaka, monga ya kampani ya Infratel, kumene magetsi ndi kuziziritsa ndi udindo wa eni ake, malinga intaneti yanu ikhale yodalirika. Wamalondayo akabweranso, mumufunse mtengo wa bokosi lopanda seva, mphamvu ya jenereta imene lidzafune, ndiponso masiku amene adzatenge kuti akubweretsereni fani yatsopano ku Chipata yakale ikafa.