Kakadzidziko musakaonetse aneba

Achemwali, ndaona zimene mwalemba ndi chithunzi mwaika m'gulu muno. Kamwana ka kadzidzi mwatola kuseri kwa nyumbako musakathire madzi kukamwa, ndipo amene akukuuzani kuti mukapatse phala kapena mkaka asiyeni. Mbalame ili ndi kabowo kopumira kuseri kwa lilime, mukathira madzi ndi sipuni amalowera m'mapapo, kukamacha mupeza kauma. Mkaka mbalame sigaya. Koma chandidula mtima n'choti mwati aneba ayamba kale kusuzumira pampanda. Pamenepo ndiye pali nkhani.

Ine zinandionekera ku Chikanda kuno ku Zomba, m'nyumba ya lendi, mu June, mphepo yochokera m'phiri ikulowa mpaka m'mafupa. Akadzidzi oyera nkhope aja anaswera musiling'i, ankalowera pamene lata linakanuka. Usiku tinkamva ana akuchita "shhhh" kupempha chakudya. Ine sizinkandivuta ayi, chifukwa chibwerereni iwo makoswe amene ankatiboolera matumba a chimanga anasowa. Ndiye mdzukulu wa alandilodi anatentha thupi. Mayi eni nyumbawo anangoti kadzidzi walira padenga, maliro ali panjira. Loweruka m'mamawa anatulukira ndi anyamata awiri aganyu, makwerero ndi thumba la feteleza.

Ndinagwada, achemwali, ine munthu wamkulu. Ndinati amayi, pepani, dikirani masabata ochepa, ana akangouluka bowolo nditseka ndi ndalama zanga. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi n'kufunsa mokweza kuti aliyense amve: "Kodi n'zanu?" Pabwalo panali zii. Amayi amene ndimatunga nawo madzi pampopi tsiku ndi tsiku anayamba kusuntha pang'onopang'ono kundithawa. Anyamata anatsika ndi thumba likugwedezeka, anakalikhuthulira padzala. Ana anayi, osiyana misinkhu, chifukwa mazira a kadzidzi saswa tsiku limodzi. Wamkulu anali atayamba nthenga kumapiko, enawo ubweya woyera wokhawokha. Anagona chagada, timiyendo m'mwamba, kufuna kudziteteza ndi zikhadabo, maso akuphethira ndi dzuwa limene anali asanalionepo. Mnyamata mmodzi anathira palafini wa m'botolo la Fanta. Ana a pamalopo ankakuwa mokondwa ngati akuonera mpira. Fungo la nthenga zopserera linakhala m'makatani mwanga mpaka ndinawachapa kawiri, ndipo wamkulu uja anathamanga ali moto mpaka pa mpanda wa udzu asanagwe. Palibe anati lekani. Palibe ndi mmodzi yemwe.

Kakang'ono kwambiri kanali katagwera kuseri kwa mgolo wa madzi pamene ankatsika nalo thumba, palibe anakaona. Ndinakaphimba ndi chitenje n'kulowa nako. Usiku umenewo make anabwera ndi khoswe kumapazi, kuzungulira denga, kulira, kupeza bowo latsekedwa ndi zisanza. Anabwerabe mausiku otsatira. Ine ndinkangolira m'bulangete.

Mayi ajawo mpaka lero sindinawakhululukire, ndinene zoona. Munthu wosaphonya kutchalitchi, wotsogolera nyimbo pamaliro, kuotcha tiana tamoyo pamaso pa adzukulu ake. Mwana wodwalayo anakamuyeza, anamupeza ndi malungo, anamwa LA n'kuchira. Iwo ankayendabe m'makomo kuti wachira chifukwa anaotcha ufiti. Wina atamva kakadzidzi kakulira m'chipinda changa anakandinenera, anandiitanitsa kwa amfumu, mwezi usanathe anandipatsa notisi. Ndalama ya dipoziti sindinaione. Mwana wanga anzake anasiya kusewera naye, ankamuti wa kwa mfiti. Mwana wa sitandade 2, analakwa chiyani?

Kakadzidzi kaja ndinakasunga m'katoni yoboola mabowo, pansi chitenje chakale, pambali botolo la madzi ofunda lokulungidwa m'nsalu. Chakudya chake ndi mbewa zaziwisi, ubweya ndi mafupa omwe. Zowiritsa ndi mchere zogulitsa m'mbali mwa msewu zija ayi, zingakaphe. Ndinkagula kwa anyamata okumba mbewa m'minda, poti inali nyengo yokolola, n'kumaduladula ndi lezala, kupatsa madzulo. Nyama yankhuku yopanda fupa payokha sikwanira, miyendo imapindika. M'mawa mumapeza kalavula kambulu kotuwa, mukakaphwanya muli ubweya, timano ndi tizigaza ta mbewa. Musadabwe, umo ndi mmene kadzidzi amachotsera zimene sanagaye, kusonyeza kuti m'mimba muli bwino. Titasamuka ndinakapititsa kwa achimwene anga ku Domasi, m'kakhitchini kosagwiritsidwa ntchito, zenera losatseka. Kanayamba kutuluka usiku n'kumabwerera, kenako kanapita osabweranso.

Koma inu musachite zimenezi, musakasunge. Ndi ntchito yolemetsa, ndalama zimapita, ndipo kolera munthu sikaphunzira kusaka bwino ngati koleredwa ndi make. Komanso lamulo la zanyama zakutchire analikhwimitsa mu 2017, kusunga nyama yakutchire popanda chilolezo kungakuikeni m'madzi otentha. Kayang'aneni nkhope. Ngati ndi yoyera yooneka ngati mtima, maso akuda, ndi wa m'denga ameneyo, makolo ake sakonda kudyetsa mwana ali pansi, ndiye funani pamene wagwera mumubwezere m'chisa kukangoyamba mdima, anthu atalowa m'nyumba. Ngati ndi wotuwa, maso achikasu, mtunduwo ana amatuluka m'chisa asanadziwe kuuluka ndipo makolo amawadyetsa pomwe ali, mungomuika panthambi kapena pakhoma pamene agalu ndi amphaka safika. Zoti mukamugwira make amukana chifukwa cha fungo la munthu n'zabodza. Ndi chimodzimodzi tiana ta pumbwa ndi njiwa tomwe ana amatola tili ndi nthenga kale, tambiri timakhala tisanasiyidwe. Pomugwira mumuphimbe ndi thaulo lochindikala, zikhadabo zimaboola ngakhale ali wamng'ono.

Mukaona phiko lalendewera, magazi, kapena kuti mphaka anamuluma, pamenepo m'chisa musabwezere. Muikeni m'katoni pamdima, pofunda, osamutsegulatsegula. Funani a nthambi ya boma yoona za nyama zakutchire ya Parks and Wildlife, kapena a bungwe loteteza nyama ndi zachilengedwe la WESM omwe ali ndi nthambi kuno ku Zomba, akulozereni kopita. A Lilongwe Wildlife Centre amalandira nyama zovulala ndi zamasiye, n'kutali inde, pafupifupi makilomita 300, koma aimbireni akuuzeni chochita usiku uno. Ndipo ngati pakhomo panu mumathira tameki kapena mankhwala ena a makoswe, lekani kaye, khoswe wakupha ndi mankhwala akadyedwa amaphanso kadzidzi.

Kadzidzi musamuope, ndi mbalame basi. Koma aneba akafunsa muwauze kuti kanafa, mwakataya. Chithunzi mwaikachi chikuonetsa geti ndi mtundu wa khoma lanu, chichotseni pompano, m'gulu muno muli anthu ambiri okudziwani. Ana anu muwauzenso asakanene kusukulu mawa. Mukafuna ndikuthandizeni kudziwa mtundu wake, nditumizireni chithunzi cha nkhope yokha ku inbox.