Mwana wanu asathawe akaunti chifukwa cha mantha

Mayi wina wandilembera kuti mwana wawo wamkazi, amene akumaliza sekondale chaka chino, akufuna kudzaphunzira za akaunti. Anzake akumuuza kuti ntchito imeneyi makompyuta ailanda kale, bola achite data science, maphunziro osanthula deta (manambala ndi zolembedwa zambirimbiri zosungidwa m'kompyuta) kuti mupezemo mayankho. Mayiwo akufunsa kuti amulangize zotani.

Mayi, zimene akunena anzakewo sizongopeka. Kampani ya Kodak inali mfumu pa malonda a filimu yojambulira zithunzi, ndipo kamera yoyamba ya digito anaipanga ndi injiniya wawo yemwe, Steven Sasson, mu 1975. Mabwana sanaithamangire, poti ndalama zawo zinkachokera ku filimu. Pofika 2012 kampaniyo inakagwada kukhoti, ngongole zitaikulira. Luso latsopano limabwera choncho. Poyamba limaoneka lachibwana, akatswiri n'kumaliseka, koma likamadzakhwima makasitomala amakhala atasamuka kale.

Komabe taonani zimene zinachitikira akauntiyo. Mapulogalamu a pakompyuta owerengetsera manambala m'matebulo atatuluka, VisiCalc mu 1979, kenako Excel mu 1985, ntchito yophatikiza manambala ndi pensulo tsiku lonse inayamba kutha. Ku America alembi ongodzaza mabuku a ndalama anachepa, koma ma akauntanti anachuluka. Kuwerengera kutaphweka, mabwana anayamba kufunsa zambiri: tikakweza mtengo pang'ono phindu likhala bwanji, nanga tikatenga ngongole ya zaka zisanu? Panafunika munthu womvetsa bizinesi kuti ayankhe. Chimene makina amalanda ndi mbali ya ntchito yobwerezabwereza ija.

Za deta zikuyendanso motero. M'sitolo yaikulu, katundu akangodutsa pa makina olipirira, kompyuta imalemba chimene chagulidwa, nthawi yake, ndi zina zimene zagulidwa limodzi nacho. Mizere imeneyi ikafika mamiliyoni, imauza eni sitolo choti aode, choti atsitse mtengo, ndi nthambi imene katundu akusowa mosadziwika bwino. Koma mizereyo siibwera yoyera. Kasitomala mmodzi walembedwa katatu m'kalembedwe kosiyana, deti lina layamba ndi mwezi pomwe lina layamba ndi tsiku, katundu wobwezedwa wawerengedwa ngati wagulitsidwa. Wodziwa akaunti amaona msanga kuti nambala iyi ikunama. Wongodziwa kompyuta amaijambulira tchati chokongola n'kukapereka kwa bwana.

Ndiye ine ndikuti mulekeni achite akauntiyo ngati ndi kumene kuli mtima wake, koma asadzatuluke ndi digiri yokha. Agwiritsitse masamu, makamaka statistics, masamu osanthula ziwerengero. Adziwe Excel mozama, osati kungolembamo mayina. Kenako aphunzire SQL, chinenero chofunsira deta m'nkhokwe zake, ndipo Python, chinenero cholembera mapulogalamu a kompyuta, ibwere pambuyo. Samalaninso ndi makosi a milungu iwiri olonjeza kumusandutsa katswiri, ambiri amangogulitsa satifiketi. Olemba ntchito anzeru amamukhazika munthu pa kompyuta n'kumuuza kuti aonetse zimene amatha.

Tchuthi chikubwerachi mumuyese. Mupatseni malisiti a zimene mwagula miyezi itatu yapitayi, awalowetse mu Excel, akuuzeni kumene ndalama zikuthera. Mukaona kuti wakhalira pomwepo mpaka usiku kusaka chifukwa chimene manambala sakugwirizana, mundilemberenso tikambirane za makoleji.