Mwana wanga, usayambe ndi kuloweza

Mtsikana wina wa Fomu 4 ku Mkanda, m'boma la Mchinji, wandilembera kuti mayeso a MSCE ayandikira koma simile, metaphor, irony ndi personification zikungomusokonekera m'mutu. Akufuna njira yolowezera matanthauzo ake.

Mwana wanga, mawu oti kulowezawo ndi amene andipweteka mtima. Ndaphunzitsa Chingerezi kuno ku Kasungu zaka zambiri, ndipo ndaona ana anzeru akuyimba matanthauzo ngati nyimbo ya fuko, koma ukawapatsa ndakatulo n'kunena kuti "ndionetse", maso pansi. Mnyamata wina ankakhala kumbuyo, sankayankha kanthu. Tsiku lina pa buleki ndinamumva akuuza mnzake kuti, "Chaka chino fodya watikana, ndipo njala yakhala kale pakhonde." Ndinamuitana n'kumufunsa ngati fodya ali ndi pakamwa pokanira, ngati njala ili ndi miyendo. Anaseka. Ndinamuuza kuti imeneyo ndiyo personification imene ankaiopa. Kuyambira pamenepo sanasiye kukweza mkono.

Zinthu izi munabadwa nazo. Agogo akamati mwana wakuda ngati khala, ndi simile. Akachotsa "ngati" n'kunena kuti mwamuna uja ndi fisi, yasanduka metaphor. Mayi ako ukaswa mbale n'kukuuza kuti "wachita bwino, tenga inanso uswe", akudziwa bwino kuti sakukuyamikira, ndipo iwenso ukudziwa. Irony ndi imeneyo. Nanga bwanji timaphunzitsa ana ngati zinabwera pa ndege kuchokera ku London? Ine ndimakana. M'phunziro la Chichewa timazitchula nsinjiro za chiyankhulo, belu likalira mwana yemweyo alowa m'phunziro la Chingerezi n'kuyamba kunjenjemera, ndipo palibe womuuza kuti ndi mtundu umodzi. Kulakwa kumeneku si kwa ana.

Komanso anthu asamaone ngati ndi zokongoletsa chabe. Mu ulamuliro wa Kamuzu, mwana wa kuno ku Kasungu, kunena zinthu mosabisa kunali kuika moyo pachiswe, choncho alembi ankabisala m'mafanizo. Mlakatuli Jack Mapanje anatulutsa buku la ndakatulo lotchedwa Of Chameleons and Gods mu 1981, namzikambe wosinthasintha khungu ali pamutu penipeni pa bukulo. Anamangidwa mu 1987, anakhala ku Mikuyu osazengedwa mlandu mpaka 1991. Boma silikanatsekera munthu chifukwa cha maluwa a mawu. Linkadziwa kuti fanizo limaluma. Ndikaona mwana akuloweza tanthauzo la metaphor osaidziwa mbiri imeneyi, zimandiwawa.

Tsono uchite chiyani?

Tenga kope, tsamba lililonse mawu amodzi. Lemba chitsanzo cha kunyumba, kenako cha m'buku limene mukuwerenga. Mu Macbeth, sewero la Shakespeare, mfumu Duncan ifika pa nyumba ya Macbeth n'kuyamikira kuti ndi malo okoma, pomwe ife owerenga tikudziwa kuti aifera momwemo usiku umenewo: imeneyo ndi dramatic irony. Pansi pake yankha funso limodzi: wolemba wafuna kuti ndimve chiyani pamenepa? Kutchula dzina lokha sikukwanira, ufotokoze ntchito imene likugwira. Funsa aphunzitsi ako mapepala akale a MANEB, ndipo muziyankha ndi anzako mokweza, wina azitsutsa mnzake.