Funsani Dokotala: Ndapeza nyongolotsi potumbula mlamba

Funso: Adokotala, ndinagula milamba yaiwisi ya ku Luangwa. Potumbula ndinapeza tinyongolotsi toyera tikuyenda pamatumbo, ndipo m'nsomba ina munali yofiira itadzipinda mumnofu. Kodi ana angadye ndiwo imeneyi? Mayi wa ku Kapata, Chipata.

Yankho: Angadye, mayi, bola nsombayo ipse mpaka mkati.

Toyerato nthawi zambiri ndi ana a nyongolotsi yotchedwa Contracaecum. Ikani kamodzi pambale yakuda muone: nkobulungira ngati ulusi wokhuthala, kosongoka uku ndi uku, kopanda mfundo, kotalika masentimita 2 kapena kupitirirapo. Mu mlamba timaunjikana pamafuta a matumbo, pomwe mu chambo timabisala pafupi ndi mtima, kunsi kwa mutu, malo amene ambiri saonako potsuka. Yofiirayo ndi Eustrongylides, yotalika kuposa toyerato, ndipo imakhala m'kathumba kooneka ngati kachotupa. Mukapeza yoyera koma yophwatalala, yodzaza mimba ya usipa, imeneyo ndi mtundu wina, Ligula.

Zonsezi zimakhwimira m'mimba mwa mbalame zodya nsomba monga akakowa. Mazira amagwera m'madzi ndi zitosi, tizilombo ta m'madzi timameza ana ake, nsomba nkudya tizilomboto. Mlamba umadyanso nsomba zinzake, nchifukwa chake waukulu umakhala nazo zambiri.

Tumbulani nsomba msanga ikangophedwa, chifukwa ikakhalitsa nyongolotsi zina zimachoka m'matumbo nkulowa mumnofu. Chekani mnofu wokhuthala, muunike padzuwa, ndipo pomwe pali kathumba dulanipo mutaye. Matumbo muwakwirire, osawaponyanso m'damu kapena kupatsa galu ndi mphaka. Kenako phikani. Kutentha kwa madigiri 63 pakati pa mnofu kumazipha, ndipo chizindikiro chake nchakuti mnofu wayera mpaka pafupa, ukusiyana nalo mosavuta. Pamene ndimada nkhawa kwambiri ndi pakuotcha: mlamba wonenepa ukaikidwa pamakala oyaka kwambiri umapserera kunja, mkati muli mwaiwisi. Uduleni zidutswa, makala akhale ofatsa. Wowamba nawonso muuwiritse. Mchere wowaza ndi mandimu sizipha nyongolotsizi. Kuzizira kumazipha pokhapokha kukafika madigiri 20 pansi pa ziro kwa masiku 7, ndiye ndi kuzimazima kwa magetsi kuno musadalire firiji yakunyumba.

Munthu akameza yamoyo, siikula kapena kuswana m'thupi mwake, koma itha kuboola khungu la chifu kapena la matumbo. Mwana akamva kupotokola koopsa m'mimba ndi kusanza patapita maola ochepa kapena masiku angapo atadya nsomba yosapsa, thamangani naye kuchipatala ndipo mukanene chimene anadya. Musayambe ndi mankhwala a njoka za m'mimba ogula pasitolo, chifukwa nthawi zina nyongolotsiyo imafunika kuchotsedwa ndi adokotala. Akatupa milomo, kutuluka zidzolo kapena kubanika, pitani nthawi yomweyo ngakhale usiku.