Dziko likakhala duu pa voti, ndi mantha kapena nzeru?

Mlongo wina wandilembera imelo yaifupi koma yoluma. Akufunsa kuti: "Pamene Russia inathira nkhondo Ukraine, bwanji maiko ambiri a mu Africa sanavote ku United Nations? Kodi maiko osauka ali ndi mfundo zawozawo pa ubale ndi maiko ena, kapena amangolondola kumene kwanunkhira ndalama?"

Achemwali, mwandiponda pachilonda. Tiyambe ndi manambala kuti tisakangane pachabe. Pa 2 March 2022 maiko 141 anavota kudzudzula Russia, 5 anakana, 35 anati sali mbali iliyonse. Mwa 35 amenewo, 17 anali a mu Africa, kuphatikizapo South Africa, Mozambique, Tanzania ndi Zimbabwe. Eritrea inaima poyera ndi Russia. Koma maiko ena ambiri a mu Africa, monga Kenya, Ghana, Zambia ndi Malawi, anavota nawo kudzudzulako. Choncho aja amanena kuti "Africa yonse inakhala chete" akungobwebweta.

Chifukwa chimene ndati pachilonda nachi. Zaka zapitazo ndinapeza ganyu yolemba zokambirana pa msonkhano wina waukulu wa maiko, ndipo anandiika pambali pa nthumwi za dziko lina laling'ono limene sinditchula. Mtsogoleri wa nthumwizo anali bambo wachikulire, kazembe wa imvi mbuu, wolankhula motsitsa ngati akuopa kudzutsa mwana. Tinakonza mawu oti akalankhule m'mawa mwake, mawu akupsa odzudzula dziko lina lalikulu pa zimene linachita kwa anthu ake omwe. Ine ndinagona ndili wosangalala, ndikuti mawa tiwauza zoona.

Pakati pa usiku foni inalira kuchokera kwawo. Ndinawapeza bambowo m'khonde la hotela, avula nsapato, masokosi okhaokha, akuyendayenda uku akungoti "ndamva bwana, ndamva bwana". Kutacha anandiitana, anatenga cholembera chofiira, n'kuyamba kudula. Ndime yoyamba inapita. Dzina la dziko lija linapita. Chimene chinatsala ndi kapepala kopempha mbali zonse kuti zikambirane mwamtendere, mawu oti ngakhale wolakwayo akhoza kuwaombera m'manja. Nditawafunsa, anavula magalasi, anapukuta m'maso, nati: "Mwana wanga, kwathu kuli ngongole ya magetsi ikudikira siginecha mwezi uno. Ukufuna ndikawauze chiyani anthu akakhala mumdima?" Kenaka anavala jekete, anakalowa m'holo, anawerenga kapepalako mwaulemu ngati kuti ndi maganizo awo kuyambira kale.

Ndinawakwiyira nthawi yaitali. Lero sindiwakwiyira iwowo, koma mkwiyowo sunathe, unangosamukira kwina. Ndifikako.

Choyamba chimene anthu amaiwala ndi mapu. Dziko silisankha oyandikana nawo, ndipo dziko lopanda doko limadziwa kuti mafuta ake, mankhwala ake ndi katundu wake yense wogulitsa kunja amadutsa pakhomo pa wina. Finland ili ndi malire ndi Russia otalika makilomita oposa 1,300. Mu 1948 inasainirana pangano laubwenzi ndi Soviet Union, ndipo kwa zaka makumi ambiri inkayenda monyang'ama, osalowa NATO (mgwirizano wa zankhondo wa America ndi maiko a ku Ulaya), osaputa mnansi. Anthu akutali ankaiseka. Inadzalowa NATO mu April 2023, itaona zimene zachitika ku Ukraine. Mapu ndi omwewo, koma mantha anasintha mbali.

Komabe amene amati mapu ndiye amagamula zonse akunama, ndipo umboni wake ndi Kenneth Kaunda ndi Kamuzu Banda. Onse awiri analandira ufulu mu 1964, onse maiko awo alibe doko, onse katundu wawo ankadalira njanji zodutsa m'maiko olamulidwa ndi azungu. Banda anasankha kugwirizana nawo. Mu 1967 anatsegula ubale wa ukazembe ndi boma la tsankho la South Africa, mu 1970 nduna yaikulu ya dzikolo, John Vorster, anabwera kudzacheza, mu 1971 iye anapita komweko, ndipo ngongole ya South Africa inathandiza kumanga likulu la Lilongwe. Nduna zake zina, kuphatikizapo Kanyama Chiume amene ankayang'anira za ubale ndi maiko akunja, zinali zitasemphana naye kale mu 1964, ndipo chimodzi mwa zifukwa chinali chomwechi, kunyengerera Portugal ndi kukana boma la Beijing. Kaunda anasankha njira yowawa. Anasunga omenyera ufulu, Ian Smith, mtsogoleri wa boma la azungu ku Rhodesia (Zimbabwe ya lero), anatseka malire mu 1973, ndipo Zambia inadalira njanji ya TAZARA ya makilomita 1,860 yopita ku Dar es Salaam, imene China inamanga kuyambira 1970 mpaka 1975 maiko a azungu atakana kupereka ndalama. Chuma cha Zambia chinapweteka, mabomba a Rhodesia anagwa m'dziko lake. Banda anapeza misewu ndi nyumba, n'kutaya ulemu pakati pa anzake. Aliyense analipira, anangosiyana mtundu wa ndalama.

N'chifukwa chake sindivomera mawu akuti "ndife ochepa, tilibe chochita". Chochita chilipo nthawi zonse, vuto n'lakuti chili ndi mtengo, ndipo atsogoleri ambiri safuna kutchula mtengowo pagulu.

Pali china chimene achinyamata a pa Facebook amachipeputsa: maiko amakumbukira. Soviet Union inapereka zida ndi maphunziro kwa omenyera ufulu a ANC ya ku South Africa ndi FRELIMO ya ku Mozambique panthawi imene maiko ena a azungu ankachita malonda ndi Pretoria mosachita manyazi. Akuluakulu ena amene ali m'maboma lero anaphunzira ku Moscow. Kupatsa n'kuika, ndipo Russia ikutapa lero zimene inaika kale. Chodabwitsa n'chakuti Ukraine nayo inali mbali ya Soviet Union yomweyo, ndipo ena mwa omenyera ufuluwo anaphunzitsidwa pa nthaka yake, koma ngongole yachiyamikoyo yonse yapita ku Moscow. India nayo sinavote, ndipo chifukwa chake n'choonekeratu: zida zake zambiri zankhondo n'zochokera ku Russia, ndipo ndege ikawonongeka sungaikonze ndi mfundo zabwino.

Ndipo musaganize kuti maiko akuluakulu ndiye amayendera chilungamo. Richard Nixon anadziwika pa ndale chifukwa chodana ndi chikomyunizimu, koma mu February 1972, ali pulezidenti wa America, anali ku Beijing akugwirana chanza ndi mtsogoleri wa China, Mao Zedong, chifukwa onse awiri ankafuna kupanikiza Soviet Union. Mu 2003 America ndi Britain analowa mu Iraq popanda chilolezo chomveka cha Security Council, nthambi yoona za chitetezo ku United Nations. Ndiye kazembe wa dziko lotere akamabwera kudzaphunzitsa ena za kulemekeza malire, musadabwe omvera akamayang'ana padenga. Koma ine ndikuti kulakwa kwa 2003 sikuyeretsa kulakwa kwa 2022. Martin Kimani, kazembe wa Kenya ku United Nations panthawiyo, anayankhula zomveka mu February 2022 pamene anakumbutsa kuti malire a Africa anajambulidwa ndi atsamunda, koma atsogoleri anagwirizana kuwasunga momwemo poopa nkhondo zosatha. Dziko lofooka chitetezo chake chachikulu ndi lamulo lakuti wamphamvu asalande malo a mnzake. Likamakhala duu lamuloli likuphwanyidwa, likudzikumbira lokha dzenje. Pamenepa sindisuntha.

Za ndalama zija

Inde, zimalankhula, ndisakunamizeni. Malawi inasiya Taiwan n'kupita kwa China kumapeto kwa 2007, zaka zoposa 40 zaubwenzi zinatha ndi chikalata chimodzi, ndipo nyumba ya malamulo yatsopano, yomangidwa ndi China, inatsegulidwa mu 2010. Burkina Faso inachita chimodzimodzi mu 2018, ndipo lero mu Africa yatsala Eswatini yokha. Mu April 2011 boma la Bingu wa Mutharika linathamangitsa kazembe wa Britain, Fergus Cochrane-Dyet, chifukwa cha kalata yake yachinsinsi imene inatuluka poyera. Pangano la ku Vienna la 1961 limalola dziko kuthamangitsa kazembe osapereka n'chifukwa chomwe, ndiye palibe lamulo linaswedwa. Koma patangopita miyezi yochepa Britain inaimitsa thandizo la bajeti, ndipo amene anamva kuwawa si amene anasaina kalata yothamangitsayo.

Apa ndi pamene mkwiyo wanga unasamukira. Kazembe wa masokosi uja ankagwira ntchito yake. Chondiwawa n'chakuti anthu a kwawo sanauzidwe kuti mawu awo anasinthanitsidwa ndi ngongole ya magetsi. Mwina akanauzidwa akanavomera, mwina akanati bola mdima. Sanafunsidwe. M'maiko ambiri nkhani za kunja zimagamulidwa ndi pulezidenti ndi anthu atatu kapena anayi, nyumba ya malamulo imangomva pa wailesi, unduna umangokonza mapepala pambuyo pake, ndipo pa kampeni palibe wofunsa ofuna mpando kuti adzatiyanjanitsa ndi yani. Timakangana za mpira usiku wonse, koma pangano la ngongole ya zaka 20 limadutsa osawerengedwa.

Tsono yankho lanu, achemwali, mwachidule. Mfundo zilipo, ndalama nazo zilipo, ndipo voti iliyonse ndi kukokana kwa ziwirizi. Mukafuna kumvetsa voti ya dziko lililonse, onani doko limene katundu wake amadutsa, amene lili naye ngongole, kumene limagula zida, ndi pamene chisankho chake chili. Mavoti a ku United Nations amasungidwa poyera pa intaneti, pamodzi ndi mawu amene akazembe ena amapereka pofotokoza chifukwa chake. Werengani a dziko lanu a zaka zingapo motsatizana, ndipo pamene lasintha mbali mwadzidzidzi, lemberani phungu wanu afunse nduna m'nyumba ya malamulo kuti mwezi umenewo kunasainidwa chiyani.