Mwaikitsa hita mu Land Cruiser koma ikungouzira mphepo yozizira? Muli mpweya mumapaipimo

Imelo ya sabata ino yachokera kwa achimwene ena aku Rumphi, ali ndi Land Cruiser ya pikapu ija ya injini ya 1HZ. Akuti pogula anapeza hita itadulidwa kale, mwiniwake woyamba anangolumikiza mapaipi awiri aja pamodzi kuseri kwa injini monga amachitira amakaniko ambiri hita ikayamba kudontha. Ntchito zawo zimawapititsa ku Nyika pafupipafupi nde chisanu cha ku Chelinda atopa nacho, agula hita ina nkuikitsa. Akulemba kuti: "Chiikireni ikungotulutsa mphepo yozizira, ndikaponda moto imafunda pang'ono kenako nkuzizanso, mu dashibodi mukumveka madzi kuyenda, geji ya kutentha kwa injini nayo pamtunda imakwera nkutsika yokha. Ndadzadza kabotolo kam'mbali koma palibe chasintha. Kodi andigulitsa hita yakufa?"

Achimwene, hitayo ine sindikuikaikira ayi. Zonse mwanenazo zikuloza kumodzi, muli mpweya umene watsekeredwa mkati. Koma ndisanapitirire, galimotoyo isakwerenso mtunda uliwonse mpaka nkhaniyi ithe, chifukwa geji imene mukuti ikusewerayo ndi imene ikundiopsa kuposa kuzizidwa kwanuko. Sensa ya geji imawerenga bwino ikakhala yomira m'madzi, mpweya ukafika pomwe yakhalapo imayamba kunama, mwina kuonetsa kuti zonse zili bho pomwe hedi, chigawo cha pamwamba cha injini chija, ikupsa. 1HZ ndi injini yopirira, aliyense amadziwa, koma olo iyoyo ikawira bwinobwino gasiketi yomatira pansi pa hedi imapita ndipo hedi imatha kung'aluka, ndalama zake zoposa hita mwagulayo kutalitali.

Hita ija mkati mwake ndi karadiyeta kakang'ono basi, madzi otentha ochokera mu injini amadutsamo, fani nkumauzira mphepo kuti ilowe mukabini. Pomangirira kamakhala kopanda kanthu, mwadzadza mpweya wokhawokha, mapaipi atsopano aja chimodzimodzi. Ndiye poti mapaipi a hita amadutsa m'mwamba kuseri kwa injini, mpweya umakonda kukhala komweko, sungatsike wokha kuti ukatulukire ku radiyeta. Pampu ya madzi injini ikangolira payokha ilibe mphamvu yoti nkuukankha, mukaponda moto mpamene imakankha timadzi pang'ono kudutsa, nchifukwa chake imafunda kanthawi nkuzizanso. Ndipo kabotolo kam'mbali mwadzadzako sikangakuthandizeni panopa. Kaja kamangolandira madzi osefukira injini ikatentha, nkuwabweza ikamazizira. Kakhoza kukhala kodzadza thoo radiyeta ili ndi ludzu.

Ntchitoyi iyambike injini ili yozizira, m'mawa isanalire ndi bwino. Kapu ya radiyeta osaitsegula ikatentha, chonde, mkatimo mumakhala presha ndipo madziwo amatha kukhala atadutsa 100 digiri, mukangotsegula amakuthirani kumaso ndi m'manja. Imikani galimoto pakamtunda mphuno ili m'mwamba, kwanuko malo otere sasowa, handibuleki mukoke ndipo kumbuyo kwa matayala muike miyala. Tikufuna kuti pakamwa pa radiyeta pakhale pamwamba kuposa hita kuti mpweya upeze njira yokwerera. Kaswichi ka hita kapititseni ku HOT mpaka kumapeto, koma fani yake ikhale yozimitsa. Apa yang'anani kaye pa paipi yolowera ku hita, galimoto zambiri zakalezi zimakhala ndi kampopi kokokedwa ndi kebulo, wina asunthe kaswichi inu mukuona ngati kampopiko kakutsegukadi. Ngati hita inakhala zaka yodulidwa kebuloyo imatha kukhala inasololoka kapena kampopi kanagwira dzimbiri, nde mutha kubulida, ndiko kutulutsa mpweyawo, tsiku lonse madzi asakulowa nkomwe.

Kenako pezani botolo la 2 litazi, mulidule kumatako, kukhosi kwake muzengereze tepi yamagetsi mpaka lizilowa mothina pakamwa pa radiyeta osadontha. Lizondotseni mulilowetse, kapaipi kopita ku kabotolo kam'mbali mukapinde nkukamanga kaye kuti madzi asathawire kumeneko. Thirani pang'onopang'ono, osati khuthuu ngati mukuthira m'ndowa, mpaka madzi aime chapakati pa botolo. Kuteroko mwakweza levulo ya madzi kuposa china chilichonse mu injinimo. Gwirani mapaipi akuluakulu a radiyeta, yam'mwamba ndi yam'munsi, muziifinya nkusiya, finya siya, muona thovu likutuluka mubotolo blu blu levulo nkumatsika, inu onjezerani.

Tsopano apa mpamene pagona nkhani yonse, ndipo ambiri amapadumpha. Pitani kuseri kwa injini pomwe mapaipi awiri a hita akulowera mukabini. Pezani paipi yotulutsa madzi mu hita, ija yobwerera chaku pampu, masulani kilipi yake nkuisolola pang'ono chabe, kuti pangotseguka kampata, injini ikadali yozimitsa. Mumva kuti fyuuu, kenako madzi ayamba kulavula modukizadukiza osakanikirana ndi thovu, musafulumire kutseka, wina akhale akuthira mubotolo muja lisaume chifukwa likauma mwalowetsanso mpweya wina. Dikirani mpaka madzi azituluka mosadukiza, ndiye bwezerani paipi madzi akutuluka choncho nkumanga kilipi. Anzathu a Land Rover zimawaphwekerako, injini ya Td5 ili ndi kasikuluwu kobulidira pa paipi yam'mwamba ya radiyeta, 300Tdi ili ndi mapulagi pamwamba pa radiyeta ndi pa nyumba ya themositati, kachitsulo kaja kotseka njira ya madzi ya ku radiyeta mpaka injini itatentha. Ife a Toyota yakaleyi timadzipangira tokha potulukira mpweya. Mukadali pompo onaninso mmene amakaniko anayendetsera mapaipiwo. Ngati paipi ina anaisiya yaitali nkupanga chiuta chokwera m'mwamba kenako nkutsika, pansonga pa chiutacho mpweya uzikhalapo mpaka kalekale, iduleni ifupike. Yopindika ngati bondo nayo imatseka madzi.

Mukatero lizani injini botolo likadali pompo. Dizilo ikamangolira payokha imachedwa kutentha, makamaka kozizira, nde muziiponda moto pang'ono mpaka marevu afike cha m'ma 2000 kwa kamphindi nkusiya, kubwerezabwereza. Za kudikira kuti fani ya radiyeta idzuke kawiri zimene mumawerenga pa intaneti nza galimoto za fani yamagetsi, yanuyi imayenda ndi lamba, imazungulira nthawi zonse, ndiye manja ndi malaya zikhale kutali nayo. Chimene mukudikira ndi themositati kuti itseguke, manambala a digiri imene imatsegukira amalembedwa pa iyo yomwe. Mudziwa yatseguka mapaipi onse awiri a radiyeta akatentha, ndipo nthawi zambiri levulo mubotolo imagwa kamodzinkamodzi thovu lalikulu nkutuluka. Onjezerani. Gwiraninso mapaipi awiri a hita aja, akuyenera kutentha onse, yotulutsa kucheperako pang'ono. Ngati ina ikuotcha inzake ili zii, madzi sakudutsa, bwererani ku kampopi kapena mubulidenso pa paipi ija ikazizira. Akatentha onse yatsani fani ya hita muike dzanja, mphepo ikhale yotentha olo musakuponda moto. Thovu likasiya kwa mphindi zingapo zimitsani, isiyeni izizire, chotsani botolo, tsekani kapu, masulani kapaipi munapinda kaja, kabotolo kam'mbali kakhale pa mzere wa FULL osati kudzadza mpaka kukhosi.

Simunamalize. Yendani nayo kaulendo kakafupi kapafupi ndi kunyumba diso lili pa geji, igone, m'mawa tsegulani kapu muone. Mupeza levulo yatsikako, nzabwinobwino zimenezo, ndi mpweya wotsalira umene watuluka. Dzadzaninso, muchite choncho m'mawa uliwonse mpaka tsiku limene mudzapeze ili pomwe munaisiya. Kapu nayo muiyang'ane, pamwamba pake pamalembedwa nambala ngati 0.9 kapena 1.1, ndi presha imene imagwira, ngati rabala yake yang'aluka gulani ina ya nambala yomweyo. Kwa inu oyenda ku Nyika nkhani ya kapuyi si yaing'ono, Chelinda ili pamwamba mamita oposa 2,000 ndipo kumeneko madzi opanda presha amawira asanafike nkomwe 95 digiri.

Mwina amakaniko akuuzani kuti tingochotsamo themositati kuti madzi aziyenda momasuka. Kanani. Chizolowezi chimenechi chilipo kwambiri kwathu kuno, koma popanda themositati injini simafika pa kutentha kwake, hita mwavutikirayo izingokupatsani kamphepo kofunda ngati mpweya wa mkamwa. Ndipo ngati inachotsedwa kale ndi mwini woyamba, zimene sizingandidabwitse poona mmene anachitira ndi hita, ibwezeretseni. Pa themositati pamakhala kabowo kokhala ndi kachitsulo kogwedera, poika kamayenera kukhala kumwamba, ntchito yake ndi yomweyi yodutsitsa mpweya.

Za madzi othira, mwanena kuti "madzi" nde ndikukaika kuti ndi a pamjigo. Amenewo amasiya miyalamiyala ndi dzimbiri, ndipo timabowo ta hita nting'onoting'ono, timatsekeka msanga kuposa radiyeta. Gulani coolant, madzi a mankhwala aja a mu radiyeta, ngati ndi yosasungunula sakanizani theka ndi theka ndi madzi oyera aja owonjezera mu batire, osati asidi, ngati ndi yosakaniza kale ingothirani, koma osaphatikiza yofiira ndi yobiriwira. Ku Nyika mu Juni ndi Julayi chisanu chimagwa mpaka udzu kuyera m'mawa, coolant imateteza ndi zimenezonso. Yotayikira pansi muikwirire ndi dothi, imatsekemera ndipo ndi poizoni, agalu amanyambita nkufa, ana nawonso zigubu zake zisawayandikire.

Pali chimodzi chimene ndikufuna muchionetsetse muli pa botolo paja. Mpweya wa hita umatha, thovu limabwera lalikulu mwa apo ndi apo nkumachepa mpaka kusiya. Koma ngati timathovu ting'onoting'ono tikungotuluka mondondozana osaleka, mukaponda moto nkumachuluka, kapena paipi yam'mwamba ikulimba gwa injini itangolira kumene isanatenthe, kabotolo kam'mbali nkumasefukira tsiku ndi tsiku, umenewo si mpweya wa hita ayi, ndi utsi wa mu silinda ukudutsa pa gasiketi. Zikatero siyani kubulida, pitani nayo ku galaja imene ili ndi kachida koyezera utsi pakamwa pa radiyeta, kamakhala ndi timadzi ta buluu timene timasintha mtundu mukakhala utsi. Mundilembere mmene zithere, ndipo munenenso ngati mapaipi a hita anatentha onse awiri.