Thunderbird ikungodzitseka chibwezereni makalata akale

Mayi wina amene amasunga makalata a ntchito mu Thunderbird, pulogalamu ya maimelo ya pa kompyuta, wandilembera imelo, ndipo funso lawo ndalifupikitsa motere: "Hard disk ya laputopu yanga inafa. Anandiikira ina n'kuikamo Windows yatsopano. Mwamwayi ndinali nditakopera foda ya Thunderbird pa flashi. Nditaika pulogalamuyo, ndinangothira zonse za pa flashi mu foda yatsopano ija. Pano ndikaitsegula imaoneka pang'ono, n'kuuma, kenako n'kudzitseka yokha. Ndaichotsa n'kuikanso kawiri konse koma palibe chasintha. Kodi makalata anga a zaka zonsezi apita?"

Mayi, khazikani mtima pansi. Pa zonse mwafotokozazi palibe chosonyeza kuti makalatawo awonongeka. Kawirikawiri chimene chimagwetsa pulogalamuyi ndi timafayilo tina tomwe tinabwera limodzi ndi makalata, osati makalata enieniwo.

Kuchotsa n'kuikanso sikukanathandiza, ngakhale mutabwereza kakhumi. Pulogalamu imakhala mu Program Files, pomwe zinthu zanu zimakhala kwina, mu foda yotchedwa profile. Pa Windows mumaipeza mukalemba %APPDATA%\Thunderbird\Profiles pamwamba pa File Explorer. Mukachotsa pulogalamu, profile siikhudzidwa, ndiye yatsopanoyo ikangodzuka imakapeza vuto lomwe lija likuidikira.

Musanagwire china chilichonse, koperaninso zonse za pa flashi paja muziike malo achiwiri, flashiyo muitulutse, muisunge patali. Zoyesayesa zonse zichitikire pa kope. Komanso nthawi iliyonse mukufuna kusuntha fayilo, onani mu Task Manager ngati Thunderbird yatsekekadi, chifukwa pulogalamu yomwe yauma imatha kutsalira ikugwirabe ntchito chamseri zenera lake litazimiririka.

Tsopano lowani mu profile muja, mutsegule foda ya Mail. Muona foda ya Local Folders, ndipo ngati akaunti yanu ndi ya POP, mtundu womwe umatsitsira makalata pa kompyuta yanu, muonanso ina ya dzina la seva yanu, kompyuta yomwe imakulandirirani maimelo. M'katimo mafayilo amakhala awiriawiri: Inbox ndi Inbox.msf, Sent ndi Sent.msf, choncho. Yopanda mchira wa .msf, yomwe imakhala yaikulu, ndiyo makalata anu. Thunderbird imawasanja onse mu fayilo imodzi, ina pambuyo pa inzake, m'njira yotchedwa mbox. Mukatenga kafayilo kakang'ono n'kukatsegula ndi Notepad mudzionera nokha: kalata iliyonse imayamba ndi mzere wa "From", kenako wotumiza, tsiku, mutu, ndi uthenga. Ya mchira wa .msf ndi kalozera chabe, ngati tsamba la zam'katimu m'buku. Imauza pulogalamu kuti kalata yakuti yayambira pakuti. Ngati munakopera Thunderbird ili yotsegula, kalozerayo akhoza kukhala woduka pakati. Ngati munathira zakale pamwamba pa zatsopano, monga munachitiramu, zina zinalowa m'malo mwa zinzake, zina zinatsala, ndipo tsopano zikutsutsana. Nthawi zambiri pulogalamu imazindikira n'kudzipangira kalozera wina, koma osati nthawi zonse.

Choyamba kuyesa n'chosavuta. Gwirani batani la Shift, mutsegule Thunderbird musanalisiye. Ikufunsani ngati mukufuna Troubleshoot Mode, yomwe kale inkatchedwa Safe Mode, njira yotsegulira pulogalamu zowonjezera zake zitazimitsidwa. Vomerani. Ikatseguka bwinobwino mmenemo, makalata alibe mlandu. Wolakwa ndi add-on (kapulogalamu kowonjezera) ina yakale, kapena zokhudza kaonekedwe. Izi zimachitika kwambiri backup, kope la pa flashi lija, ikakhala ya kalekale, chifukwa Thunderbird 78 ya mu 2020 inasiya kulandira ma add-on a mtundu wakale, ndipo 115 ya mu 2023 inasintha kwambiri mmene mndandanda wa mafoda ndi makalata umamangidwira. Zimitsani ma add-on onse, muziyatsa imodziimodzi. Ngati onse ali ozima koma ikugwabe kunja kwa Troubleshoot Mode, pitani ku Settings muchotse chizindikiro pa hardware acceleration. Windows yatsopano imabweranso ndi ma driver atsopano a zithunzi, mapulogalamu oyendetsa zooneka pa sikirini, ndipo si onse amagwirizana nayo.

Ikagwa ngakhale mu Troubleshoot Mode, ndiye tiwagwire akalozera aja. Pangani foda pa desktop, musunthiremo mafayilo onse a .msf, pamodzi ndi global-messages-db.sqlite, yomwe imathandiza posaka makalata, ndi folderCache.json. M'ma profile akale mupezamo panacea.dat, nayonso ituluke. Onjezani session.json ndi xulstore.json, zomwe zimangokumbukira mazenera omwe anali otsegula ndi kukula kwake. Ndikuti sunthani, osati fufutani, kuti dzanja likaphonya n'kutenga Inbox yeniyeni muthe kuibweza. Zonsezi pulogalamu imazipanganso yokha. Ikayamba kupanga, kompyuta ichita ulesi kwa kanthawi, mwina maola angapo ngati makalata ndi ochuluka. Isiyeni imalize. Anthu ambiri amaitsekera pakati poganiza kuti yaumanso, n'kudzipangira kalozera wina woduka. Mukaona makalata ena omwe munafufuta kale atulukiranso, musadabwe, zimachitika. Ndipo ngati pulogalamu imatseguka koma imagwa mukakhudza foda imodzi yokha, dinani kumanja pa fodayo, musankhe Properties, kenako Repair Folder.

Koma ine ndikanakhala inu, sindikanataya nthawi yambiri ndi profile yosakanikiranayo. Ndikanapanga yatsopano. Dinani batani la Windows ndi R, mulembe thunderbird.exe -P, ndipo patuluka kabokosi kokulolani kupanga profile ina. Ipatseni dzina, muitsegule, muikemo akaunti yanu ngati mukuyamba kumene. Onetsetsani kuti ikutumiza ndi kulandira. Kenako tsekani, mutenge fayilo imodzi ya makalata kuchokera pa kope lija, yopanda .msf yake, muisinthe dzina, mwachitsanzo Inbox-yakale, n'kuiika mu Local Folders ya profile yatsopanoyo. Tsegulani, muiona yatulukira kumanzere. Ikakhala bwino, tsekani, mubweretse ina. Mafoda okhala m'kati mwa mafoda ena amasungidwa mu foda ya mchira wa .sbd, ndiye ngati mwasintha dzina la fayilo, sinthaninso la .sbd yake kuti zifanane. N'zotopetsa, inde, koma ubwino wake ndi wakuti pulogalamu ikagwa mudziwa fayilo yeniyeni yomwe yaigwetsa, ndipo ena onse akhala atalowa kale.

Fayilo yovutayo ikapezeka, yang'anani kukula kwake. Maflashi ambiri amabwera ndi FAT32, ndipo pa FAT32 fayilo imodzi singapitirire 4 GB. Inbox ya zaka zambiri yodzaza ndi zithunzi ndi ma PDF imafika pamenepo mosavuta. Windows imachenjeza kuti fayiloyo yakula kwambiri, koma munthu akakhala pa changu amangodina Skip, n'kumaganiza kuti zonse zalowa. Ngati Inbox.msf ilipo koma Inbox palibe, kapena ilipo koma ya 0 KB, zinayenda choncho, kapena antivirus inaitenga. Izi nazo n'zodziwika: kalata imodzi ikakhala ndi kachilombo, antivirus imatha kutsekera fayilo yonse ya mbox, poti kwa iyo ndi fayilo imodzi. Kaoneni mu quarantine, momwe antivirus imatsekera mafayilo. Onaninso mu Properties ngati mafayilo sanalembedwe Read-only, makamaka ngati anadutsapo pa CD kapena DVD.

Simunanene ngati akaunti yanu ndi ya IMAP kapena ya POP, ndipo apa pali kusiyana kwakukulu. Ikakhala ya IMAP, makalata ali pa seva, ndipo zomwe zili mu foda ya ImapMail ndi kope chabe. Musazibwezere n'komwe, zitsikanso zokha. Chofunika kwa inu ndi Local Folders basi. Ikakhala ya POP, mwina kope lanulo ndi lokhalo padziko lonse. Samalaninso kafayilo ka popstate.dat, komwe kamakumbukira makalata omwe anatsitsidwa kale. Popanda iko, onse omwe akadali pa seva atsikanso, mukhale ndi kalata iliyonse kawiri. Ndipo mukamaika akaunti ya POP mu profile yoyesera, sankhani kuti makalata azitsalanso pa seva.

Zina zofunika kusamutsa n'zochepa. Ma adiresi a anzanu ali mu abook.sqlite, kapena abook.mab ngati backup ndi ya Thunderbird yakale kuposa 78. Ma password ali mu logins.json ndi key4.db, ndipo ziwirizi zimayendera limodzi, imodzi yokha ilibe ntchito. Fayilo ya prefs.js isiyeni komweko, chifukwa imatha kukhala ikulozabe ku mafoda a pa hard disk yomwe inafa ija.

Pulogalamu ikakufunsani ngati mukufuna kuchita Compact, kanani kaye mpaka mutatsimikiza kuti makalata onse akuoneka. Compact imalembanso fayilo yonse n'kutaya zomwe ikuona kuti zinafufutidwa, ndipo ikachita zimenezi pa foda yosokonekera, zotayikazo sizibwerera.

Kwa amene mukuwerenga muli pa Outlook ya pa kompyuta ya mtundu wakale (classic), nzeru yake ndi yomweyi ngakhale mafayilo ndi ena. Yambani ndi outlook.exe /safe, mupange profile yatsopano, ndipo fayilo ya .pst, yomwe imasunga makalata, muipime ndi ScanPST.exe yomwe imabwera ndi Office, mutaikopera kaye.

Mayi, ngati profile yatsopano yopanda kalata ngakhale imodzi ikugwabe, ndiye kuti vuto silili mu backup. Pamenepo, ikatseguka ngakhale kwa kamphindi, thamangirani ku Help, kenako Troubleshooting Information, mupeze gawo la Crash Reports. Malipoti omwe anatumizidwa ali ndi nambala zoyamba ndi bp. Nditumizireni imodzi mwa izo, pamodzi ndi nambala ya Thunderbird yomwe mwaika komanso kukula kwa fayilo ya Inbox. Makalata enieniwo ndi mafayilo a ma password musanditumizire, ndipo musatumizire wina aliyense.